Kumene Madzi a Nyanja Yathu Amabadwira



Ine ndine mwana wa msodzi. Ndinakulira pamchenga ndikuyanika usipa pathandala, koma lero ndimakhala ku Biwi mumzinda wa Lilongwe, ndipo ndimaphunzitsa ana pa madrasa ina ku Kawale. Nkhani imene ndakutengerani ndi ya ulendo umene sitinauyendebe. Tikuukonza kumene, koma kukonzako kwandiphunzitsa zinthu zimene ndaona kuti zingathandize banja lina lokhala ndi maganizo onga athu.

Funso la mdzukulu

Bambo anga apalasa bwato zaka zoposa 50. Chaka chino anabwera kuno kudzaonetsa maso kuchipatala, ndipo anakhala nafe miyezi iwiri. Diso limodzi linachira atalichotsa ng'ala, koma linalo matenda a shuga analiwononga kale, ndipo adokotala sanatibisire kuti lochiralo nalonso likhoza kumka lifooka.

Tsiku lina titaswali Maghrib, mwana wanga wachisamba anayala mapu a Malawi pamkeka kuti alembe ntchito ya kusukulu. Atayang'ana mzere wa buluu wotalikawo anafunsa kuti, "Agogo, kodi madzi onsewa amachokera kuti?"

"Kumapiri, mdzukulu wanga," anayankha motero bambo.

"Nanga inu munakafikako?"

M'nyumba munangoti zii. Patapita kanthawi bambo anatembenukira kwa ine nati, "Mwalimu," pakuti amanditchula choncho akafuna kundiseka, "madzi amenewa ndamwa, ndasamba, ndipo ndakuphunzitsa iwe ndi ndalama zochokera m'menemo. Koma kumene amabadwira sindinapondeko. Ndimangoona mitsinje ikubwera."

Sanapemphe kanthu. Makolo athu sapempha zotere. Koma usiku umenewo tulo sindinatione, ndipo kutacha ndinauza mayi a kunyumba kuti, Mulungu akalola, tiwatengere bambo ku Nyika diso lawo likadaona.

Phunziro la ulendo woyamba

Ku Nyika ndinafikako kamodzi, ndipo ndikakumbukira ndimachita manyazi. Nditangomaliza maphunziro a Chisilamu ku koleji, ine ndi anzanga atatu tinabwereka kagalimoto kakang'ono n'kunena kuti m'masiku atatu tikaona Kasungu, Vwaza ndi Nyika. Palibe amene tinamufunsa. Safunsa anadya phula. Tinanyamuka dzuwa litakwera, tinatayira nthawi ku Kasungu, ndipo tsiku lachiwiri tinachoka ku Mzuzu titadya nkhomaliro. Pofika pachipata cha Thazima kunali kutada ndipo chipata chinali chotseka. Alonda sanalakwe, pakuti ndilo lamulo lawo. Tinagona m'galimoto titavala malaya opyapyala a kunyanja, mano ali gwedegwede usiku wonse.

M'mawa tinakwera phirilo. Tinafika ku Chelinda dzuwa lili pamutu, mafuta atatsala pang'ono, ndipo patangotha maola awiri tinabwerera ndi mtima uli m'mwamba. Ndalama zonse zija zinatigulira maola awiri basi.

Komabe maola awiriwo sindidzawaiwala. Mukachoka pachipata msewu umakwera m'nkhalango ya mitengo ya mombo ndi masuku. Mumakwera, mumakwera, kenaka mitengo imatha mwadzidzidzi ndipo mumatulukira m'dziko la udzu wokhawokha, zitunda zotsatizanatsatizana mpaka kumene maso alekezera. Ine mwana wa kunyanja ndinaona ngati mafunde a mwera aima malo amodzi n'kumera udzu. Pakati pa chitunda ndi chinzake pali kadambo, ndipo m'kadambo kalikonse mukutuluka madzi oyera, ozizira ngati achokera mufiriji. Amenewo ndiwo madzi amene ndikufuna bambo akawaone.

Kodi Nyika ndi malo otani?

Nyika ndi phiri lalikulu lathyathyathya pamwamba. Mbali yake yaikulu ili m'boma la Rumphi, ndipo limafikanso ku Chitipa ndi Karonga. Boma linakhazikitsa malowa kukhala nkhalango yosungirako nyama zakutchire mu 1965, ndipo ndiyo paki yoyamba m'dziko lathu. Mu 1978 anaikuza, kotero lero ndiyo yaikulu kuposa zonse, yoposa masikweya kilomita 3,000. Kachigawo kakang'ono ka phirili kali m'dziko la Zambia, ndipo msewu wopita ku Chelinda umayenda m'malire mwenimwenimo.

Kuti mumvetse kutalika kwake, yerekezani motere. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa mlingo wa nyanja yaikulu yamchere. Lilongwe ali pa mamita 1,000 ndi pang'ono. Chelinda ali pa mamita oposa 2,200, ndipo nsonga ya Nganda, yomwe ndi yaitali kuposa zonse kumeneko, imapitirira mamita 2,600. Ndiye kuti munthu wa ku Nkhotakota akaima pa Chelinda wakwera pafupifupi makilomita awiri kulunjika kumwamba. N'chifukwa chake m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumagwa chisanu chochita kuyeretsa udzu m'mawa.

Udzu ndi madambo a pamwambapo amamwa mvula ndi nkhungu, n'kumatulutsa madziwo pang'onopang'ono chaka chonse. Mtsinje wa North Rukuru umabadwira komweko n'kukathira m'nyanja ku Karonga. Mitsinje ya Chelinda ndi Runyina imatsikira kummwera kukalowa mu South Rukuru, amene amakathira m'nyanja chakufupi ndi Chiweta. Mtsinje wa Wovwe umapukusa makina a magetsi usanafike kunyanja. Choncho amene amatentha kapena kulima phiri lotere amagwira m'mbale ya msodzi, ngakhale awiriwo sadziwana.

Nyama zimene mlendo amayembekezera kuona ndi mbidzi, ntchefu, chilembwe, mphoyo, mbawala ndi njiri, ndipo poti kulibe mitengo yambiri zimaonekera patali. Akambuku ndi afisi aliko koma amayenda usiku. Njovu zimakonda kumunsi kwa phiri, ndipo mu 2017 anabweretsako zina 34 kuchokera ku Liwonde. Mitundu ya mbalame imaposa 400. Ku Chelinda kuli nkhalango ya paini imene inabzalidwa m'zaka za m'ma 1950, madamu ang'onoang'ono, ndiponso chapafupi pali kanyanja kachilengedwe kotchedwa Kaulime.

Tinayamba ndi kufufuta

Mlamu wanga wa ku Area 25 ali ndi galimoto ya mipando iwiri yokhala ndi bodi kumbuyo, yokwera bwino kuchokera pansi, ndipo wayendetsa malole zaka zambiri. Nditamuuza za ulendowu anabwera Lamlungu masana, ndipo tinakhala pakhonde ndi pepala ndi pensulo. Ine ndinali nditalemba kale malo asanu: paki ya Kasungu, dambo la Vwaza, Nyika, Livingstonia ndi nkhalango ya Nkhotakota. Ndinaganiza kuti poti mafuta tawagula kale, tione zonse.

Anawerenga pepalalo kawiri, kenaka anafunsa kuti, "Alamu, ulendowu ndi wa yani?"

"Wa bambo," ndinatero.

"Ndiye tiuyeze ndi msana wa bambo, osati ndi mapu."

Anatenga pensulo n'kuyamba kufufuta. Paki ya Kasungu ili patali ndithu kumadzulo kwa tauni, ndipo kupita ndi kubwerera kungadye tsiku lathunthu. Ndi malo oyenera ulendo wakewake, makamaka poti mu 2022 anasamutsirako njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Anaifufuta. Livingstonia ndi mathithi a Manchewe ndi malo okongola, koma msewu wakale wokwera kuchokera ku Chitimba uli ndi makona pafupifupi 20 okhota ngati chigongono, ndipo nkhalamba ya shuga siyenera kugwedezeka motero. Anafufutanso. Vwaza, kumene kuli mvuu, njati ndi njovu pa nyanja ya Kazuni, anaiika chizindikiro chofunsa, nati tikaona pobwerera ngati nthawi ndi mphamvu zilipo.

Zinandiwawa, kunena zoona. Koma ndinakumbukira usiku wa ku Thazima uja. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse, okondedwa awerengi: ulendo waufupi umakoma mukachotsa malo, osati mukawonjeza, ndipo muyeso wake ndi munthu wofooka kuposa onse m'galimotomo, kaya ndi gogo, kaya ndi khanda, kaya ndi mayi woyembekezera. Tinagwirizana malamulo atatu. Loyamba, sitiyenda usiku. Lachiwiri, tiziima maola awiri alionse kuti bambo awongole miyendo ndi kudya kanthu. Lachitatu, pakhale tsiku limodzi lathunthu pamwamba paphiri losamanga katundu.

Ndondomeko ya masiku

Tasankha kumapeto kwa Ogasiti, ana ali patchuthi. Nthawi imeneyo mvula kulibe, misewu yafumbi ndi youma, ndipo chisanu choopsa chija chayamba kuchepa. Amene amakonda maluwa amapita mu Januwale ndi Febuluwale pamene phiri lonse limachita maluwa, koma nthawiyo msewu umaterera ndipo suyenera banja lokhala ndi galimoto imodzi.

Lolemba tidzanyamuka ku Biwi tikangoswali Fajr, n'kutenga msewu wa M1 kudzera ku Kanengo, Lumbadzi, Mponela ndi Madisi. Tisanafike ku Kasungu tidzaima pamlatho wa Bua kuti bambo aone mtsinje wa kwawo uli kumtunda, pakuti ndi Bua yemweyo amene mpasa zimakwera kukaswana. Ku Kasungu, makilomita pafupifupi 130 kuchokera ku Lilongwe, tidzamwa tiyi. Kenaka Nkhamenya, Jenda, ndipo msewu udzayamba kukwera mapiri a Viphya kudutsa Chikangawa. Nkhalango ya paini ya kumeneko inali ya mahekitala 53,000, koma moto ndi macheka zaidya kwambiri, ndipo ndikufuna ana akaone okha mmene phiri lometedwa limaonekera asanaone phiri losungidwa. Nkhungu imatsika msanga pa Viphya, choncho tiyenera kufika ku Mzuzu, ulendo wa makilomita pafupifupi 360, nthawi ya Asr isanathe. Ku Mzuzu kuli mizikiti ndi mabutchala a nyama ya halaal, ndipo tidzagona komweko.

Lachiwiri ndilo tsiku lovuta. Kuchokera ku Mzuzu kudzera ku Ekwendeni mpaka ku Rumphi ndi makilomita pafupifupi 70. Musanalowe m'tauni ya Rumphi mumadutsa pa Njakwa, pomwe mtsinje wa South Rukuru umapanikizika pakati pa mapiri awiri. Ku Rumphi tidzadzaza thanki ndi zigubu. Kuchoka apo kudzera ku Bolero, kwa Themba la Mathemba Chikulamayembe, mpaka pachipata cha Thazima ndi makilomita pafupifupi 55, ndipo kuchoka pachipata kukafika ku Chelinda ndi enanso pafupifupi 60. Pamapu ndi pafupi, koma mbali yaikulu ya msewuwo ndi yafumbi ndi miyala, moti tawerengera maola anayi kapena asanu. Mlamu wanena kuti tikapanda kudutsa pachipata dzuwa lisanafike pamutu, tibwerere tikagone ku Rumphi. Kuthamanga sikufika.

Lachitatu ndi tsiku la bambo. M'mawa tidzayenda pang'onopang'ono ndi galimoto kuzungulira madamu ndi ku Kaulime, nthawi imene nyama zimatuluka kudzadya. Masana tidzapuma. Madzulo tidzapempha mmodzi wa ogwira ntchito kumeneko kuti atiperekeze ku kadambo kamene madzi akutumphuka pansi, kofikika popanda kuyenda mtunda wautali. Nsonga ya Nganda sitikwera. Achinyamata angakwere, koma ife tabwerera madzi.

Lachinayi tidzatsika m'mamawa, kubwerera ku Rumphi ndi ku Mzuzu, kenaka n'kutsetsereka makilomita pafupifupi 50 mpaka ku Nkhata Bay, kumene tidzagone tikumva mafunde. Tidzakhala titatsata madziwo kuchokera kumene amabadwira kufikira kumene amasonkhana.

Lachisanu tidzatsata msewu wa M5 kudzera ku Chintheche ndi Dwangwa, n'kuwolokanso Bua ali pafupi kuthira m'nyanja, kuti tikapeze Jumu'a ku Nkhotakota, mtunda wa makilomita pafupifupi 200. Bambo adzatsala kwawo. Nkhalango ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira mu 2015 ndipo inalandira njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017, ili pakhomo pathu, choncho tikhoza kudzaiona tchuthi china. Loweruka ife tidzabwerera ku Lilongwe kudzera ku Salima.

Mafuta, ndalama ndi galimoto

Titaphatikiza mitunda yonse, kuwerengera ndi kuzungulira kwa m'paki, tapeza makilomita pafupifupi 1,250. Galimoto ya mlamu imayenda makilomita 10 pa lita imodzi, ndiye kuti malita 125, ndipo tawonjezerapo 25 chifukwa kukwera phiri kumamwa mafuta. Chofunika kuchisamala ndi ichi: kuchoka ku Rumphi, kukwera, kuzungulira ndi kubwerera ku Rumphi ndi makilomita pafupifupi 300, ndipo simuyenera kudalira kuti mukagula mafuta pamwambapo. Amene anagonapo pamzere wa mafuta mu 2022 kapena mu 2024 sadikira kuuzidwa kawiri. Mukaona pampu ili ndi mafuta, dzazani, ngakhale thanki ili pakati.

Mitengo sindilemba pano chifukwa imasintha magazini ino isanafike m'manja mwanu. Chimene tachita ndi kugawa ndalama m'maenvulopu anayi: ya mafuta, ya malo ogona, ya pachipata ndi chakudya, ndi yachinayi yosatsegula pokhapokha pagwe vuto. Mabanja awiri tikuponya kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo mayi a kunyumba apereka gawo la chipereganyu chawo. Mutu umodzi susenza denga. Ngongole ya katapira chifukwa cha ulendo wokaona malo ayi, imeneyo tinaikana poyambirira. Pachipata Amalawi amalipira ndalama zochepa poyerekeza ndi alendo akunja, choncho tengani chitupa cha unzika. Galimoto nayo imalipiridwa payokha.

Ku Chelinda kuli malo ogona a mitengo yosiyanasiyana, kuyambira nyumba zodula za alendo, tinyumba tophika nokha, mpaka bwalo lomangapo matenti. Imbani foni masabata angapo musananyamuke kuti mudziwe mtengo, musungitse malo, ndipo mufunse mmene msewu ulili. Kwa ife tenti sitingathe chifukwa cha bambo, choncho tikusunga ndalama za kanyumba kokhala ndi malo osonkhapo moto. Tengani ndalama zogwirika m'manja, chifukwa netiweki ya foni pamwambapo ndi yosadalirika.

Galimoto ikhale yokwera kuchokera pansi. Mlamu adzaonetsa mabuleki kwa makaniko sabata imodzi tisananyamuke, osati dzulo lake, ndipo tidzatenga matayala apadera awiri, jeke, pampu, chingwe chokokera, tochi ndi chigubu cha madzi. Mbale mmodzi wotsala ku Lilongwe adzasunga pepala la ndondomeko yathu, kuti tikapanda kumveka pa tsiku loyenera adziwe koyambira kufunsa.

Kamba ndi zovala

Mukadutsa Rumphi musayembekezere golosale kapena butchala yoti mukagule nyama yozingidwa ndi Msilamu. Mayi a kunyumba akonza kale mndandanda: ufa, mpunga, nyemba, usipa wouma, chambo chowamba, mazira, tomato, anyezi, mafuta ophikira, mchere, masamba a tiyi, chiponde ndi mbatata. Nkhuku ziwiri tidzazinga tokha n'kuzikazinga kuti zikhale za masiku awiri oyamba. Bambo ati popanda kondowole sapita, ndiye kathumba ka ufa wa chinangwa kalowa pamndandanda. Mankhwala awo a shuga adzakhala m'chikwama cha m'manja, osati kubodi, pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala, ndipo tidzayamba tafunsa adokotala ngati thupi lawo lingapirire kuzizira ndi mpweya wopepuka wa pamwamba.

Za zovala ndikuchenjezeni inu a kunyanja makamaka. Chimene mumachitcha kuzizira nthawi ya mwera ndi chiyambi chabe. Aliyense akhale ndi juzi, jekete, chipewa chofunda m'makutu, masokosi awiriawiri ndi nsapato zotseka, komanso bulangete lake. Ife tagula zambiri pa kaunjika mumsika wa Kawale. Mbaula ya makala musaiyatse m'chipinda chotseka usiku, ngakhale kuzizire chotani, pakuti mpweya wake umapha anthu ali m'tulo.

Swala paulendo

Ambiri amaopa ulendo wotere poganiza kuti Swala idzawavuta, chonsecho chipembedzo chathu chinamupeputsira wapaulendo. Malinga ndi chiphunzitso cha Imam Shafi'i chimene ambiri a ife timatsata, ulendo wopitirira makilomita pafupifupi 80 umaloleza kufupikitsa Dhuhr, Asr ndi Isha kukhala maraka awiriawiri, ndiponso kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, kapena Maghrib ndi Isha, nthawi imodzi. Chilolezocho chimakhalapo ngati simunatsimikize kukhala malo amodzi masiku anayi athunthu, ndipo ndondomeko yathu sifika pamenepo. Bambo akadzafika kwawo ku Nkhotakota ulendo wawo udzakhala utatha, ndipo adzaswali mokwanira.

Chibula kuno kwathu chili kumpoto, kupendekera pang'ono kummawa. Mukaima dzuwa likutuluka kudzanja lanu lamanja, mwayang'ana kumpoto, ndipo mungopotolokera pang'ono kumanja komweko. Izi ndaphunzitsa kale ana, chifukwa foni ikhoza kuzima koma dzuwa silizima. Madzi a udhu wa Fajr tidzawasunga ofunda mufulasiki kuyambira usiku. Ndipo monga mwaona, tayala masiku mwadala kuti Lachisanu litipeze pafupi ndi mzikiti osati pamwamba paphiri.

Ulemu kwa eni dera ndi kwa nyama

Pamene pakiyi inkakuzidwa mu 1978, mabanja ambiri anasamutsidwa m'midzi ya makolo awo, ndipo ena mwa ana ndi adzukulu awo ndi amene mudzawaone m'midzi ya m'mbali mwa msewu wopita ku Thazima. Ife amene timapita kukasangalala tiyenera kudziwa kuti malo amenewa ena anawalipira ndi minda ndi manda a makolo awo. Choncho chepetsani liwiro podutsa m'midzi kuti musawathire fumbi, perekani moni, ndipo gulani nthochi, nyemba ndi uchi wawo mosanenerera mopitirira. Chinenero cha kumeneko ndi Chitumbuka, ndipo ana anga aphunzira kale kunena kuti "Monire" ndi "Yewo". Ukayenda siya phazi, osati mlomo.

Munthu akakutsatsani nyama yakutchire panjira, kanani. Nyamayo ndi yobedwa, sinazingidwe, ndipo mwina inafera mumsampha wa waya. Wogula ndiye amatuma wotchera. Chimodzimodzinso chinaka, chimene anthu amakumba mobisa pamwambapo mpaka maluwa ena ayamba kusowa. M'paki musathyole, musakumbe, musasonkhe moto paliponse, musadyetse anyani, ndipo musatuluke m'galimoto pafupi ndi njovu. Mapepala ndi mabotolo anu bwererani nawo. Msodzi amene amadandaula akaona pulasitiki muukonde asataye pulasitiki kumene madzi akuchokera.

Kwa amene Nyika yawatalikira

Inu a ku Salima ndi Nkhotakota mukhoza kutsata msewu wa M5 mpaka ku Nkhata Bay n'kukwera ku Mzuzu, osadzera ku Lilongwe. Inu a ku Mangochi ndi Makanjira mwina Nyika ingakudyereni masiku ambiri. Musadandaule, pakuti phiri la Zomba lili pafupi nanu ndipo galimoto imakwera pamwamba pake, paki ya Liwonde ili panjira yomweyo, ndipo patsogolo pake pali Mulanje, amene nsonga yake ya Sapitwa ndi ya mamita 3,002, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Zomba ndi Mulanje ndi nkhalango zotetezedwa osati mapaki a nyama, koma lamulo lake ndi lomwelo: sankhani phiri limodzi, mulipatse tsiku lathunthu, ndipo muyeze ulendo ndi wofooka wanu.

Bambo anabwerera kumudzi kukadikira Ogasiti. Tsiku lowaperekeza kudepoti ndinawawerengera ndondomeko yonse, ndipo anamvetsera mpaka pa fulasiki ya madzi ofunda paja. Apo anandidula mawu.

"Mwalimu, fulasikiyo mudzasungire ana. Ine ndikufuna ndikachite udhu pakasupe penipeni, pamene madziwo akutuluka m'nthaka."

"Bambo, madzi ake ndi ozizira zedi. Zala zimachita dzanzi."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, ndakoka chilimira usiku wa Julayi mwera uli pachimake usanabadwe. Ukandiopseze ndi madzi?"

Sindinayankhe. Koma madzulo ake ndinapita kumsika kukagula thaulo lalikulu ndi magolovesi, ndipo ndaziika pamwamba penipeni m'chikwama.

Envulopu ya mafuta yatsala pang'ono kudzaza, ya malo ogona ikadali yopepuka. Tikupempha maduwa anu kuti Allah asunge kuwala m'diso la bambo kufikira tsikulo, atiyendetse bwino ndi kutibweza mumtendere. Insha Allah, tikabwerako ndidzakusimbirani zimene anaona ndi zimene ananena.

Wassalamu alaikum.